Kodi mwamuna wanga amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'Malawi afunika viza tikamapita kutchuthi kunja?

Mayi wa ku Chitakale, Mulanje

Moni nonse amene mumawerenga pano. Ndili ndi funso lokhudza ulendo wa kunja, ndipo ndikupempha amene akuidziwa bwino nkhaniyi kuti andiunikire, chifukwa anthu amene ndawafunsa pamaso akundiuza zosiyanasiyana.

Ine ndine Mmalawi wobadwira konkuno ku Mulanje ndipo ndili ndi pasipoti ya Malawi. Amuna anga ndi nzika ya dziko la India. Anabwera kuno kalekale kudzagwira ntchito pa fakitale ya tiyi, poyamba pa chilolezo cha ntchito chija amati TEP, kenako titakwatirana anapatsidwa chilolezo chokhala m'dziko muno mokhazikika, chimene chimadziwika kuti PRP. Pasipoti yawo ikadali ya India. Tili ndi ana awiri, onse obadwira kuno.

Ntchito ya tiyi sipereka mpata kuyambira mvula ikagwa mu Disembala mpaka cha mu Epulo, pamene masamba amachuluka ndipo fakitale imayenda usana ndi usiku, choncho ife tchuthi timapezera mu Ogasiti sukulu zikatsekera. Chaka chino tikulakalaka kupita ku South Africa kuti ana akaone nyanja yamchere ku Durban. Ndikudziwa kuti Mmalawi amalowa m'dziko limenelo popanda viza, popeza abale athu ambiri amapita ku Joni ndi pasipoti yokha. Nkhawa yanga ili pa bambo a kunyumbawa. Anzanga ena kuntchito akunena kuti poti boma la Malawi linawalandira kuti azikhala kuno mpaka kalekale, pa chipata adzatengedwa ngati Mmalawi. Ena akuti chimene chidzawaolotse ndi setifiketi ya ukwati, chifukwa mwamuna ndi mkazi wake sawalekanitsa pa malire. Mlongo wanga akuti zonsezo ndi nkhambakamwa, viza ndi yofunika basi.

Chinanso n'chakuti matikiti a ndege a anthu anayi ndi okwera mtengo kwambiri, moti tikuganiza zokwera basi kuchokera ku Blantyre. Zikakanika zonse, tikhoza kungolowera pa Muloza pomwe pano ndi galimoto yathu n'kupita ku Quelimane, kumenenso kuli nyanja. Kodi pa njira zitatuzi ndi iti imene ingatipeputsire nkhani ya mapepala? Paja safunsa anadya phula.

Bambo wopuma pa ntchito, Luchenza

Mayi, mlongo wanu ndi amene wanena zoona. Ndinagwirapo ntchito yogulitsa matikiti a ndege mu mzinda wa Blantyre, ndipo funso lanuli linkabwera kawirikawiri kuchokera kwa mabanja a m'maesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene maukwati a anthu a mayiko awiri si achilendo.

Dziko lililonse likamasankha kuti munthu alowe ndi viza kapena popanda viza, limayang'ana pasipoti imene munthuyo wanyamula, osati kumene amagona kapena amene anakwatirana naye. PRP ndi pangano la pakati pa amuna anu ndi boma la Malawi lokha: imawalola kukhala kuno ndiponso kubwereranso akatuluka. Ili ngati kiyi wa nyumba yanu, amene amatsekula chitseko chanu koma sangatsekule cha anansi. Wogwira ntchito pa bwalo la ndege la OR Tambo akalandira mapasipoti anu, yanu adzaiwerengera ku gulu la Malawi, limene limaloledwa kukhala masiku 30 popanda viza, pamene ya bambowo adzaiwerengera ku gulu la India, limene liyenera kupeza chilolezo ulendo usanayambe. Kuima limodzi pa mzere sikusintha kanthu.

Ndipotu popanda chilolezocho sadzafika n'komwe ku Johannesburg, chifukwa ulendo udzathera pa Chileka. Makampani a ndege amagwiritsa ntchito kaundula wa IATA, bungwe lawo la padziko lonse, wotchedwa Timatic, amene amaonetsa zimene dziko lililonse limafuna kwa mwini pasipoti iliyonse. Kampani ikanyamula munthu wopanda mapepala oyenera imalipitsidwa chindapusa ndipo imayenera kumubweza ndi ndalama zake, n'chifukwa chake wogwira ntchito pa kauntala samva pempho ngakhale mutamuonetsa zithunzi za ukwati wanu.

Komabe musaganize kuti PRP ndi yopanda ntchito pa ulendowu. Imathandiza kwambiri, kungoti imathandizira ku ofesi ya kazembe, osati pa chipata. Nthawi zambiri maofesi a akazembe amalandira mapempho a viza kuchokera kwa nzika za dziko limene iwo ali, komanso kwa alendo okhala m'dzikolo movomerezeka. Munthu wongodutsa amauzidwa kuti akapemphere kwawo. Chifukwa cha PRP, amuna anu sayenera kupita ku New Delhi kapena ku Mumbai, koma pempho lawo likhoza kuperekedwa konkuno kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Kuwonjezera apo, funso lalikulu limene wounika pempho la viza amakhala nalo ndi lakuti, kodi munthuyu adzabwerera? Munthu amene ali ndi chilolezo chokhazikika, ntchito yodziwika, mkazi ndi ana m'Malawi amayankha funso limenelo mosavuta. Apa m'pamene setifiketi ya ukwati imagwira ntchito yake: siilowa m'malo mwa viza, koma imalimbitsa pempho.

Zimene ayenera kukonza ndi pasipoti imene idzakhalabe ikugwira ntchito kwa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene adzatuluke mu South Africa, yokhala ndi masamba awiri opanda chidindo, fomu yolembedwa bwino pamodzi ndi zithunzi, kope ya PRP, kalata ya kuntchito yonena kuti apatsidwa tchuthi ndipo akuyembekezeka kubwerera, sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu yapitayi, umboni wa malo amene mukagone, ndi ndondomeko ya ulendo wopita ndi wobwerera. Pa nkhani ya tikiti, pemphani wogulitsa kuti akusungireni malo n'kukupatsani pepala loonetsa zimenezo, ndipo musalipire tikiti yosabwezeka ndalama viza isanatuluke. Ndalama zakunja zikusowa masiku ano, si nthawi yotaya ngakhale dola imodzi.

Dziwaninso kuti chakumapeto kwa 2025 dziko la South Africa linayamba njira yopemphera chilolezo pa intaneti yotchedwa ETA, ndipo India inali m'gulu la mayiko oyamba kuikidwamo, pamodzi ndi China, Indonesia ndi Mexico. Njira imeneyi inayambira kwa anthu ofika pa ndege pa mabwalo akuluakulu. Mukamafunsa ku ofesi ya kazembe, funsani ngati bambowo angaigwiritse ntchito pa ulendo wanuwu. Taonani kuti ngakhale njira yatsopanoyi inasankha anthu potengera pasipoti.

Chomaliza chikukhudza inuyo, mayi. Masiku 30 anu ndi masiku a pa viza ya amuna anu akhoza kusiyana, choncho aliyense aziwerenga chidindo chake. Kuyambira 2014, munthu wopitirira masiku ake ku South Africa amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, ndipo zaka zisanu ngati wapitirira kuposa pamenepo.

Wochita malonda pa Muloza

Ine ndikuona kuti mayiwa asadzivutitse ndi za Durban, angosankha Quelimane. Ndimakhala pa Muloza pomwe, ndipo tsiku lililonse anthu amaoloka kupita ku Milange kukagula chimanga, nyemba ndi nandolo, ena pa njinga, ena wapansi, popanda wonyamula viza. Amene alibe pasipoti amangotenga kachiphaso ka pa chipata n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndaonaponso azungu oyenda ndi magalimoto awo akudindidwa mapasipoti n'kupitirira, osatulutsa pepala lililonse la viza. Ngati mzungu wochokera kutali akudutsa chomwecho, kuli bwanji munthu amene wakhala ku Mulanje zaka zonsezi, wodziwika, wolankhula Chichewa, ndipo mkazi wake ndi wa konkuno? Msewu wa ku Mocuba ndi woyendeka, ndipo mukadutsa pa Nicoadala ndiye kuti mwafika. Ana akasangalala ku gombe la Zalala monga mmene akanasangalalira ku Durban, ndipo ndalama zake ndi zochepa.

Mayi wa ku Bvumbwe, woyenda maulendo a ku Joni

Achimwene a pa Muloza, malangizo anuwo ndi ochokera pansi pa mtima, koma akhoza kubweza banjali pa chipata katundu ali m'galimoto. Zinthu ziwiri zimene mwaonazo ndi zoona, koma chilichonse chili ndi chifukwa chake chimene sichikukhudza bambowa.

Kachiphaso ka pa chipata kanakonzedwera anthu a m'malire, amene minda, misika ndi abale awo ali mbali zonse ziwiri, kuti azitha kuoloka pa ulendo waufupi. Si chiphaso choti munthu wa pasipoti ya India apite nacho mpaka ku nyanja, ndipo pa msewu wa ku Mocuba apolisi amaimitsa magalimoto n'kufunsa mapepala. Azungu amene mwawaonawo ali ndi nkhani yawonso. Mu 2023 boma la Mozambique linachotsa viza kwa alendo odzacheza ochokera m'mayiko 29, ndipo pa mndandandawo pali mayiko monga United Kingdom, United States, Portugal, Germany ndi China. India palibepo. Ndiye mzungu amene wafika dzulo akhoza kudutsa mosavuta, pamene munthu amene wakhala pa Chitakale theka la moyo wake akufunika viza. Zikuoneka zosalungama, koma mndandanda umenewo unalembedwa ku Maputo potengera zofuna za Mozambique, osati potengera amene ali mnansi wabwino. Ubwino wake ndi wakuti Mozambique ili ndi ofesi yake ku Blantyre, ndiponso ili ndi njira yopemphera viza pa intaneti, choncho ulendo wa ku Quelimane ndi wotheka, bola viza ikhale m'manja musananyamuke.

Tsopano ndikambe za basi, chifukwa njira imeneyi ndimaidziwa bwino ndipo ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri pa maganizo anu, mayi a ku Chitakale. Kwa ife Amalawi basi ndi yotchipa chifukwa sitilipira viza paliponse. Koma taonani mmene imayendera. Ikachoka ku Blantyre imatulukira pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, imadutsa ku Tete, imatuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa Harare ndi Masvingo, kenako n'kulowa South Africa pa Beitbridge. Amenewo ndi mayiko atatu, ndipo lililonse lidzayang'ana pasipoti ya India mwa lamulo lake. Pobwerera mudzadutsanso momwemo, kutanthauza kuti ku Mozambique ndi ku Zimbabwe amuna anu adzalowa kawiri. Viza yolowera kamodzi imatha ntchito munthu akangotuluka, choncho ayenera kupempha yolowera kawiri kapena kangapo, apo ayi adzapezeka ali pa Nyamapanda pobwerera alibe cholowera ku Mozambique.

Palinso nkhani ya nthawi. Basi imanyamula anthu ambiri a mapasipoti a Malawi, amene amadindidwa mofulumira. Munthu mmodzi wofunika kulemberedwa viza kapena kuunikidwa mapepala mwapadera amatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi zina mumafika pa chipata usiku. Okwera anzanu amayamba kudandaula, dalaivala naye amakhala ndi nthawi yake yoti asunge. Ndinaonapo banja lina likutsitsidwa katundu pa chipata china chifukwa cha bambo amene viza yake inali yolowera kamodzi, ndipo sindingafune kuti zimenezo zichitikire ana anu. Mukawerengera mtengo wa maviza a mayiko awiri odutsamowo, ndalama zimene mukuganiza kuti mupulumutsa pa tikiti ya bambowo zikhoza kuchepa kwambiri. Pa ndege yopita molunjika ku Johannesburg, dziko lofunsa chilolezo ndi limodzi lokha.

Namwino wa ku Thyolo wokhala ku Leeds

Achemwali, ndawerenga nkhani yanu ndili kwathu kuno ku Thyolo kumene ndabwera kudzaona makolo, ndipo ndaona kuti ndi nkhani yanga yomwe, kungoti m'banja mwathu mlendo ndine. Amuna anga ndi nzika ya Britain, ine ndili ndi pasipoti ya Malawi komanso chilolezo chokhala ku United Kingdom mopanda malire a nthawi, chimene kumeneko amati ILR. Ndimagwira ntchito, ndimalipira msonkho, ndili ndi nyumba kumeneko, koma tikafuna kupita ku France kapena ku Spain, amuna anga amangonyamula pasipoti, pamene ine ndimayenera kupeza viza ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi.

Ndifotokoze pang'ono mmene imakhalira, mwina zithandiza ena amene ali ndi ana kapena abale kunja. Mayiko a Schengen tsopano alipo 29, ndipo viza imodzi imakulowetsa m'mayiko onsewo kwa masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Pempho limaperekedwa ku ofesi ya dziko limene ukakhaleko nthawi yaitali pa ulendowo, ndipo ukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90. Amafunanso inshuwalansi ya zaumoyo ya mayuro osachepera 30,000, ndi pasipoti yoperekedwa m'zaka khumi zapitazi imene idzakhalabe ikugwira ntchito miyezi itatu utatuluka. ILR yanga imandithandiza pa chinthu chomwe chija bambo a ku Luchenza anena: ndimapemphera ku United Kingdom komweko m'malo mobwera ku Malawi. Ngakhale ku Ireland, kumene nzika ya Britain imalowa ndi kukhala momasuka, ine ndimafunika viza ya dzikolo payokha.

Komabe anzanu a kuntchitowo sanangopeka nkhani yawo, chifukwa kuli malo ena kumene chilolezo chokhazikika kapena ukwati zimatsekuladi njira. Munthu amene ali ndi green card, chilolezo chokhala ku United States mokhazikika, amalowa ku Canada ndi ku Mexico kukacheza popanda viza, ngakhale pasipoti yake ikhale ya Malawi, bola anyamule zonse ziwiri. Munthu amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko limodzi la Schengen amayenda m'mayiko ena onse a Schengen pa ulendo waufupi popanda viza ina. Ndipo malamulo a European Union amanena kuti mkazi kapena mwamuna wa nzika ya mgwirizanowo, akamayenda limodzi kupita ku dziko lina la mgwirizanowo losakhala kwawo kwa nzikayo, apatsidwe viza mwaulere ndiponso mofulumira. Ife a m'mabanja a nzika za Britain tinkapindula ndi lamulo limeneli mpaka kumapeto kwa 2020, pamene United Kingdom inamaliza kutuluka mu mgwirizanowo.

Chofunika kuona pa zitsanzo zonsezi ndi chakuti mwayiwo umaperekedwa ndi dziko lopitakolo, ndipo limatchula mwachindunji chilolezo cha dziko liti limene likuchilemekeza. Canada inasankha yokha kulemekeza green card. Nkhani zoterezi zikafika kuno zimasanduka lamulo la dziko lonse lapansi m'kamwa mwa anthu, n'chifukwa chake mukumva zosiyanasiyana. Funso loyenera kufunsa nthawi zonse ndi lakuti: kodi dziko limene tikupitalo limati chiyani za pasipoti ya India, ndipo kodi linalembapo paliponse kuti limapeputsira anthu okhala ndi PRP ya Malawi? Yankho lake mulipeze kwa eni ake, ku ofesi ya kazembe kapena pa tsamba la boma la dzikolo, osati pa magulu a WhatsApp.

Ngati cholinga chenicheni ndi nyanja yamchere, kulinso mayiko amene nonse anayi mungalowe popanda kupempha viza pasadakhale. Mauritius imalandira Amalawi komanso nzika za India zodzacheza motero. Seychelles sifuna viza kwa alendo, koma imafuna kuti munthu alembetse ulendo wake pa intaneti asananyamuke. Chenjezo ndi lakuti ndege zopita kumeneko zimadzera mayiko ena, choncho mugule tikiti imodzi ya ulendo wonse. Mukagula matikiti awiri osiyana, mumayenera kutenga katundu wanu pa bwalo lapakatilo n'kumulembetsanso, ndipo kuti muchite zimenezo mumayenera kulowa m'dzikolo, pamene viza ija imafunikanso.

Mphunzitsi wa ku Thuchila

Ine ndangodabwa kuti palibe amene watchula njira yothetsa vutoli kotheratu. Bambowa akhala kuno zaka zambiri, ali ndi mkazi ndi ana a Chimalawi. Bwanji osapempha unzika wa Malawi n'kutenga pasipoti yathu? Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika mu Disembala 2018 kuti munthu azitha kukhala nzika ya mayiko awiri, choncho sataya kalikonse. Akatero, ku South Africa, ku Mozambique, ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku Tanzania azidzangodutsa monga mmene akazi awo amadutsira, ndipo basi ija idzakhaladi yotchipa.

Bambo wopuma pa ntchito, Luchenza

Aphunzitsi, za kusintha kwa lamulo lathu mwanena zoona, koma unzika wa mayiko awiri umatheka pokhapokha mayiko onse awiri atavomera. India salola. Nzika ya India ikatenga unzika wa dziko lina mwa kufuna kwake, unzika wa India umatha pomwepo, ndipo pasipoti iyenera kubwezedwa. Chimene India imapereka kwa anthu oterowo ndi khadi yotchedwa OCI, imene imalola munthu kulowa ndi kukhala ku India moyo wake wonse popanda viza, koma si unzika: mwini wake savota ndipo saloledwa kugula malo olima. Kwa munthu amene ali ndi makolo, munda kapena cholowa kwawo, imeneyi ndi nkhani yokambirana ndi banja lonse modekha, osati yogamula chifukwa cha tchuthi cha mu Ogasiti. Ndiponso pempho la unzika silituluka m'masabata ochepa.

Poti tatchula OCI, mayi a ku Chitakale adziwe kuti tsiku limene adzafune kukaona apongozi awo ku India zinthu zidzatembenuka: bambowo adzalowa kwawo momasuka, pamene mayiwa adzafunika viza. Koma mkazi kapena mwamuna wa nzika ya India akhoza kupempha khadi ya OCI ngati ukwati wawo unalembetsedwa ndipo watha zaka ziwiri, ndipo ana a nzika ya India nawonso ndi oyenera kuipeza. Ofesi ya kazembe wa India ili ku Lilongwe.

Mayi wa ku Chitakale, Mulanje

Zikomo kwambiri nonse, makamaka bambo a ku Luchenza ndi mayi a ku Bvumbwe. Takambirana kunyumba ndipo za basi tazisiya. Tiyamba ndi pempho la ku South Africa, ndipo likachedwa tidzapita ku Quelimane ndi viza yake.

Pamene timasanthula mapepala usiku wathawu tapeza zinthu zina zimene ndikufuna kufunsanso. Ana onse awiri ali ndi mapasipoti a Malawi, ndipo ndikuganiza kuti iwo ali ngati ine, koma nditsimikizireni. Chachiwiri, amuna anga anasintha pasipoti yakale itatha, ndipo chidindo cha PRP chili mu yakaleyo, mu yatsopanoyi mulibe. Chachitatu, ukwati wathu unayamba ndi chinkhoswe kwa makolo anga kenako tinadalitsa kutchalitchi, ndipo pepala limene tili nalo ndi la kutchalitchi. Pasipoti yanga ikadali ndi dzina la bambo anga, osati la amuna anga. Kodi zimenezi zingatisokoneze?

Bambo wopuma pa ntchito, Luchenza

Mayi, ana anu ali ngati inu: pasipoti ya Malawi, masiku 30, popanda viza. Kuyambira mu Novembala 2019 South Africa inasiya kufuna setifiketi yobadwira kwa ana a mayiko ena osafunika viza amene akuyenda ndi makolo awo, komabe munyamule masetifiketi awo ochokera ku NRB, chifukwa dzina lanu ndi losiyana ndi lawo ndipo pepala limenelo limathetsa mafunso mwamsanga. Ngati zitachitika kuti inu ndi ana mwatsogola bambowo n'kutsalira, munyamulenso kalata yawo yovomereza kuti ana ayende, yosainidwa pamaso pa wolumbiritsa, pamodzi ndi kope ya pasipoti yawo.

Nkhani ya chidindo ndiyo muyambire, musanapite n'komwe ku Lilongwe. Bambowo apite ku ofesi ya Immigration ku Blantyre ndi mapasipoti onse awiri pamodzi ndi chikalata chenicheni cha PRP, akapemphe kuti chilolezocho chioneke mu pasipoti yatsopano. Wounika pempho la viza adzafuna kuona umboni wakuti akukhala m'Malawi movomerezeka, ndipo pobwerera, wogwira ntchito pa kauntala ya ndege ku Johannesburg adzafuna kuona chimene chikuwalola kulowanso m'Malawi asanawapatse mpando. Ngakhale zitakonzedwa, pasipoti yakaleyo asaitaye. Aziyenda nayo pamodzi ndi yatsopano.

Kusiyana kwa dzina si vuto, akazi ambiri sasintha. Chofunika n'chakuti tikiti yanu ilembedwe dzina lenileni limene lili mu pasipoti yanu, chilembo ndi chilembo. Za ukwati, lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo ndi wa chipembedzo, koma ofesi ya kazembe imakhulupirira kwambiri pepala lochokera ku boma. Tengani pepala la kutchalitchilo mupite nalo ku ofesi ya DC pa Mulanje Boma, mukafunse za kulembetsa ukwati wanu kuti mupeze setifiketi ya boma. Mudzaifunanso tsiku limene mudzapemphe khadi ya OCI. Popeza mukufuna kunyamuka mu Ogasiti, zonse ziwirizi muzichite mwezi uno, kuti pempho la viza lilowe Juni asanathe.